Mapiritsi a Mkazi wa Kapitawo

Namwino wa ku Blantyre anawachenjeza odwala onse ali pa benchi ya kuchipatala: "Amayi, musamabwerekane mankhwala. Khansa ya m'mawere ili mitundumitundu." Onse anagwedeza mitu, koma mawuwo anatsala pa benchi pomwepo.

Millie ndi Jessica ankakhala moyandikana m'nyumba za kampani ya tiyi kufupi ndi Chitakale, ndipo onse awiri anawachotsa chotupa cha m'bere. Jessica, mkazi wa kapitawo, anangopatsidwa mapiritsi, limodzi patsiku. Millie ankamuika dilipi yomwe inamuthothola tsitsi lonse, moti mwana wake Trust ankalira mayi ake akavula duku.

M'mawa uliwonse Millie ankasuzumira pawindo n'kumaona Jessica akuyanika zovala, tsitsi lili lolukaluka. Mtima unkamuwawa.

"Mankhwala abwino ndi a akazi a mabwana," anauza mwamuna wake. "Ife othyola tiyi angotithira poizoni."

Tsiku la dilipi litakwana, sanapite. Analowera kwa Jessica.

"Asisi, ndigawireniko anu aja. Kapena ndi a anthu apamwamba okha?"

Jessica anachita manyazi, n'kumupatsa khumi.

Patatha sabata, a Zaituni, alangizi a zaumoyo, anafika pakhomo pa Millie n'kutsegula buku lake la kuchipatala.

"Amake Trust, tsiku lanu la dilipi linadutsatu."

Millie anatulutsa timapiritsi tija n'kuulula kuti ndi ta Jessica. A Zaituni anakhala pansi.

"Mukukumbukira kachidutswa ka chotupa kamene anakayeza kaja? Ndi kamene kamaulula mtundu wa khansa. Ya anzanuwa imakula chifukwa cha mahomoni a m'thupi la mkazi, ndiye mapiritsiwa amaimana chakudya. Yanu, malinga ndi zimene alemba umu, sidalira mahomoni. Ngakhale mutamwa botolo lonse, siingamve."

"Ndiye si za ukapitawo?"

"Makina oyezera sadziwa kuti mwamuna wanu ndi ndani. Mankhwala amatsata zimene apeza m'chotupa chanu, osati cha mnansi. Tsitsi limameranso, mayi. Koma khansa mukaipatsa mpata, imafalikira."

Millie anayang'ana Trust akukwawa pakhonde. Anatenga mapiritsi atatu otsalawo n'kukabweza kwa Jessica.

"Pepani asisi, ndinakudulirani mankhwala anu. Mukawauze adokotala kuti ndine."

Masana omwewo mwamuna wake atabwera kuchokera ku tiyi, anamupeza akulongedza kachikwama.

"Bambo a Trust, mwanayu mawa aswera kwa asisi. Ine ndinyamuka kusanache, ndikakwere minibasi yoyamba pa Chitakale, ndikalandire dilipi ku Blantyre."