Mfuti ya Malemu Moosa

Patatha milungu itatu chiikireni maliro a amuna awo, Mayi Sugra anali ndi vuto limene sankadziwa poliyambira. Kunsi kwa masitepe a nyumba yawo ku Wigston, kutsidya kwa nyanja, kunali kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma, ndipo m'menemo ndi momwe malemu Moosa ankasunga mfuti. Bambowa ankakonda masewera owombera timbale tadothi ku kalabu ina cha ku Loughborough. Laisensi anali nayo, koma inali m'dzina lawo okha.

A Nazir, mng'ono wa malemuwo, anabwera ndi nzeru zawo.

"Alamu, apolisi musawauze. Akangolowetsa dzina lanu m'makompyuta mwawo, nkhani yafala. Mawa mbava zidziwa kuti mayi wokhala yekha ali ndi mfuti. Ndibwera Loweruka ndidzaitenge, ikakhale kuseri kwa shopu yathu. Palibe adziwe."

"Nanga inu muli ndi laisensi?"

"Laisensi ya chiyani? Katundu wa achimwene anga yemwe?"

 Mawu onena za mbava aja anawalowa Mayi Sugra mumtima.

Masana a Lachinayi kunabwera Anganile, namwino wa nyumba yoyandikana ndi yawo, akuchokera ku shifiti. Awiriwa anagwirizana kalekale chifukwa cha Chichewa: Mayi Sugra anabadwira ku Limbe, Anganile ku Karonga. Atamva nkhaniyo, Anganile anakhala pansi yunifomu ili m'thupi.

"Anti, mukapereka mfutiyo kwa munthu wopanda laisensi, mlandu ukhala wa nonse awiri. Ndi nkhani ya kundende imeneyo."

"Koma mwanawe, ine sindifuna dzina langa lizingoyenda paliponse."

"Kuchipatala timasunga mafaelo a odwala masauzande. Munayamba mwandimvapo ndikutchula matenda a munthu?"

"Ayi."

"Ndikangotsegula faelo imene sikundikhudza, ntchito yatha. Kusunga mbiri ya munthu ndi kwina, kuiulula ndi kwinanso. Tiyeni tifonere a ofesi yoona za mfuti, mafunso anuwo mukawafunse eniake."

Anaimba tsiku lomwelo. Popeza Mayi Sugra anali m'miyezi imene mayi wachisilamu wamasiye amakhala pakhomo, a ofesiyo anati abwera okha.

M'mawa mwake kunafika wapolisi wamkazi dzina lake Hazel, atavala zovala wamba, galimoto yake yopanda chizindikiro. Anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndipo anayamba ndi kupepesa maliro. Kenako Mayi Sugra anapereka makiyi amene anawapeza m'bokosi la zikalata. Kabati itatsegulidwa, mayiwo anagwira pakamwa.

"Ili imodzi! Amuna anga anali nazo ziwiri. Ndiye muti ina ndabisa ine?"

Hazel anayang'ana pepala limene anabwera nalo, n'kuwerenga nambala ya pa mfutiyo.

"Khazikani mtima pansi, mayi. Inayo amuna anu anaigulitsa mu 2015 kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka, ndipo anatidziwitsa sabata isanathe. Zonse zinalembedwa. Pa zaka makumi awiri, sanachedwepo kutiuza kanthu ngakhale kamodzi."

Mayi Sugra anakhala pa sitepe, misozi ili mbwee. Anazindikira kuti kusamala kwa amuna awo kunali kukuwatetezabe ngakhale iwo atapita.

Atapukuta m'maso, anafunsa funso lawo lija. "Tsono zimene mwalembazi amaziona ndani?"

"Si kaundula woti aliyense angamuwerenge," anatero Hazel. "Aneba anu kapena makasitomala a ku shopu sangabwere kudzafunsa. Ife amene timamuona pa ntchito, ndipo wotsegula popanda chifukwa chovomerezeka amaimbidwa mlandu. Komanso lamulo loteteza zinsinsi za anthu limakupatsani ufulu wopempha kuona zimene talemba zokhudza inu. Mukapeza cholakwika, mutha kupempha kuti chikonzedwe."

Anawathandiza kulemba fomu ya chilolezo cha kanthawi, choti mfutiyo ikhale m'nyumbamo mwalamulo kufikira itapita koyenera. Anawasiyiranso nambala ya foni yoimba akakhala ndi nkhawa.

Loweruka a Nazir anafikadi ndi galimoto. Mayi Sugra anawalandira ndi tiyi, n'kuwaonetsa chilolezocho ndi kuwafotokozera za mfuti yachiwiri ija.

"Zikanakhala kuti sanalembe, alamu, bwenzi lero ndikuyankha mlandu wa mfuti imene sindikudziwa komwe ili."

A Nazir anakanda kumutu. "Ndinkati ndikukutetezani, chonsecho ndimakuponyani m'dzenje. Pepani. Achimwene ankadziwa zimene ankachita."

Sabata yotsatira wogulitsa mfuti wovomerezeka anabwera kudzaitenga, ndipo apolisi anadziwitsidwa tsiku lomwelo. Mu msewu wonsewo palibe anamva kanthu.

Abale, mwini mfuti akamwalira, dziwitsani apolisi msanga, ndipo musapereke mfuti kwa munthu wopanda laisensi ngakhale akhale mbale wanu. Ngati mukuopa za chinsinsi chanu, musabise mfuti. Funsani kuti zolembedwazo amaziona ndani, pakuti ndi ufulu wanu. Kaundula wosungidwa bwino amateteza anthu onse, ndipo tsiku lina ndi amene adzakuikireni umboni.