Nambala ya Malemu

Ometa ambiri amameta ndi pakamwa, makina amangothandizira. Koma bambo amene ankameta m'kachipinda koyandikana ndi sitolo ya penti anali a mtundu wina. Ukakhala pampando wawo ankangofunsa kuti, "Timete bwanji?" Ukayankha, nkhani yathera pomwepo. Akazi awo ali moyo ankawatcha a Chete. Dzinali silinkatuluka panja, linali la m'nyumba, loitanira munthu kuti madzi osamba atentha. Chimwalirireni mayiwo, palibe amene analitchulanso.

Tsiku lina akuchapa mathaulo kuseri kwa shopu, foni inapulumuka m'thumba la malaya n'kugwera m'ndowa. Anaivuula msanga, kuipukuta, kuiyanika padzuwa ngati mpango, koma sinayakenso. Foniyo payokha sinawadandaulitse, nanga ankawaimbira ndani? Chimene chinawapweteka n'chakuti zithunzi za akazi awo zinali m'menemo, ndipo kunyumba pakhoma panali kalendala yekha. Mantha anali atayamba kale kuwagwira, chifukwa masiku ena akatsinzina nkhope ya mayiwo inkabwera yosakwanira. Mphumi unkaoneka, koma pakamwa pankasowa.

Anagula foni ina yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kuikamo simukhadi yawo, n'kupita nazo zonse ziwiri kwa mayi wokonza mafoni amene benchi yake inali pansi pa masitepe a nyumba yosanja. Mayiyo anatsegula yonyowa ija, anainunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Iyi ndiye yatisiya, bambo. Koma zithunzi mwina zilipo, mafoni amenewa amasunga zinthu pa intaneti. Tandiuzani imelo yanu tilowetse m'yatsopanoyi."

"Ndilibe imelo."

"Muli nayo. Foni ngati iyi siyenda popanda imelo. Anakutsegulirani ndani?"

"Mayi akunyumba."

"Ndiye tawaimbirani, asatichedwetse."

Bambowo anangoyang'ana pansi. Mayi uja anawayang'ana kanthawi, ndipo mawu ake anatsika. "Pepani," anatero. "Pakamwa pangapa pamathamanga."

Anayesa zongoganizira: dzina lawo, dzina la shopu, chaka chobadwa. Zonse zinakana. Anaimbira mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, yemwe ankagwira ntchito kutali. "Ababa, ine ndingadziwe bwanji? Zimenezo amayi ankapanga okha. Ndili pantchito, ndikuimbiraninso." Anadula. Bambowo ankamudziwa mwana wawo, analibe mtima woipa, anangokhala wotanganidwa.

"Pali njira ina," anatero wokonza mafoni. "Potsegula imelo munthu amasiya nambala ya foni. Tikailemba apa, amatumiza uthenga wa manambala achinsinsi ku nambala imeneyo, kenako amationetsa adiresi."

Analemba ya bambowo, koma sinapezeke. Ndiye mwapang'onopang'ono bambowo anatchula ya akazi awo. Imeneyo sankaifufuza, inali pamlomo. Foni inavomera.

"Eya. Simukhadi yawo muli nayo?"

Analibe. Inasowa m'chipwirikiti cha maliro. Ndipo panali china chimene sanauzepo munthu. Miyezi yoyamba ija, akatha kusesa tsitsi ndi kutseka zenera, ankakhala pampando wometera n'kuimba nambala imeneyo, kungofuna kumva mawu a makina aja akuti nambalayo sikupezeka. Ankadziwa kuti n'zachibwana, koma kunyumba kunalibe chothamangira. Tsiku lina foni inaitana, ndipo mzimayi anayankha kuti, "Halo?" Kampani inali itapereka nambala ija kwa munthu wina. Bambowo sanayankhule. Anaimbanso masiku angapo, osayankhulabe, mpaka manyazi anawaletsa.

Tsopano panalibe kothawira. Anaimba. Kumbali inayo kunkamveka makina osokera.

"Halo?"

"Pepani mayi. Pafoni panu pabwera uthenga wa manambala. Ndimati mundiwerengere."

"Akathyali inu simutopa? Mukabere ena." Anadula.

Wokonza mafoni anakweza mapewa. "Sakulakwa mayiyo, inenso ndikanadula. Muwauze zonse, bambo. Munthu sangakupatseni chinthu asanakumveni."

Kuwauza a Chete kuti anene zonse kunali ngati kuwauza kuti avule malaya pamsika. Anatuluka pansi pa masitepe paja, anakaima pafupi ndi mpanda pomwe panalibe anthu, n'kuimbanso. Mayi uja atangoyankha, anayamba asanawadule. Ananena za ndowa, za zithunzi, za akazi awo amene anadwala kanthawi kochepa n'kupita. Anati nambalayo inali ya akazi awowo, ndipo iwo ayamba kuiwala maonekedwe a pakamwa pa malemuwo. Mawu ankatuluka mokhotakhota, ena kubwerezedwa, koma ankatuluka. Chaka chonsecho anali asanayankhulepo motalika chonchi.

Makina osokera aja analeka kulira.

"Dikirani," anatero mayiyo. "Nambala yanuyi ndikuidziwa. Ndinu amene munkaimba n'kungokhala phee?"

"Ndine."

"Ine ndinkayesa mwamuna wanga wakale akundizonda. Ndinakutukwanani kangapo konse."

"Munanditukwana, inde."

"Nanga osanena bwanji?"

"Sindinkadziwa chonena."

Mayiyo anapuma mozama. "Tumizaninso uthengawo. Koma zikakhala zabodza, mudziwe kuti mwabera telala wosauka."

Anabwerera kubenchi n'kuika foniyo pasipika kuti onse azimva. Uthenga unapita, telala anawerenga manambala limodzilimodzi ngati akuwerengera mwana, ndipo wokonza mafoni analemba. Adiresi inaonekera. Wokonza mafoniyo anasendeza magalasi ake n'kuiwerenga mokweza, monga ankachitira ndi makasitomala onse.

"A Chete anga. Kenako pali chaka."

Chinali chaka cha ukwati wawo. Bambowo anagwira m'mphepete mwa benchi. Iwo anataya theka la tsiku akuyesa dzina la pachiphaso, ngati kuti akazi awo anawaitanapo nalo. Ndipo dzina la m'nyumba lija, lomwe ankaganiza kuti linapita ndi mwiniwake, linali litatchulidwa masana pansi pa masitepe, anthu akudutsa.

Panafunika manambala ena osinthira pasiwedi, ndipo telala anawerenganso osanyinyirika. Asanadule anati, "Bambo, tsiku lina mukadzaimbanso, muziyankhula. Zongokhala chete zija zimaopsa."

Zithunzi zinayamba kubwera. Wokonza mafoni anawapatsa foniyo n'kutembenukira ku ntchito ina, dala. Bambowo sanaone pomwepo. Anapita kushopu, anatseka chitseko ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba, n'kukhala pampando wometera.

Choyamba chinali cha iwo akugona pasofa kukamwa kuli yasa. Chachiwiri, iwo akukonza mpopi. Iwo akumanga tayi mokhota. Iwo akumeta mwana wolira, chojambulidwa kuchokera pakhomo. Anapitiriza kutsitsa ndi chala. Apa m'pamene anakumbukira kuti akazi awo ankakonda kutola foniyo n'kumawajambula mowazembera, koma iwo sanaitolepo n'kamodzi komwe kuti ajambule mkaziyo. Zithunzi zimene ankati n'za akazi awo zija zinali zochepa kwambiri: china chojambulidwa patali pa ukwati wa mwana wawo, china cha dzanja lokha lili pamphika. Iwo ankaopa kutsegula zithunzizo chimwalirireni mayiwo, ndiye m'maganizo mwawo zinangochuluka zokha. Chisoni chinawagwira, chosakanikirana ndi manyazi.

Kumapeto kwenikweni kunali kavidiyo kakafupi. Anakatsegula. Kanaonetsa msana wawo m'shopu momwemo, akutsuka makina ndi kaburashi. Chithunzi chinkagwedezeka chifukwa wojambulayo ankaseka. Ndiye mawu aja anamveka, athunthu, ngati mwiniwake waima pakhomo.

"A Chete. A Chete, tayang'anani kuno, inu."

Bambo wa m'vidiyomo sanatembenuke, anangoti, "Ndili pantchito." Koma patsogolo pake panali galasi lalikulu lometera, ndipo m'galasimo, pakona, munali mkazi atanyamula foni, nkhope yonse ikuoneka, pakamwa pali mwaa ndi kuseka.

Anakabwereza. Mawu aja atamvekanso, bambo wa pampando uja anatembenuka n'kuyang'ana kukhomo.