Denga la Zipinda Ziwiri

Galimoto yonyamula katundu inali itaima kale pakhomo pa sitolo ya zomangira, dalaivala atatsitsa chitseko chakumbuyo, pamene mwini sitolo anatchula mtengo wa lata limodzi. Nazipi anaganiza kuti sanamve bwino chifukwa cha makina odulira zitsulo omwe ankalira kuseri.

"Mwati bwanji, a Misomali?"

Mwini sitoloyo, yemwe aliyense ankamudziwa ndi dzina limeneli, anabwereza mosakweza mawu. Sabata imeneyo anali atazolowera kuona nkhope za makasitomala zikugwa.

"Koma mwezi watha ndinabwera pompano ndi amisiriwa, munatiuza mtengo wina."

"Unali mwezi watha umenewo, mayi. Msonkho wa katundu wolowa m'dziko wakwera. Lole yanga pachipata cha m'malire ndaiombola ndikutuluka thukuta. Mukufuna ndisenze ndekha?"

"Ndiye ndipatseni opangidwa konkuno."

"Konkuno amangodula ndi kupinda. Chitsulo chake chimachokera kunja komweko. Ndiponso ataona kuti akunja akwera, nawonso akweza. Alipo amadana ndi ndalama?"

Nazipi anali telala. Dzinali anamupatsa ndi makasitomala ake, chifukwa zipi imene matelala ena aikana iye ankaiika ngati inabadwira pomwepo. Banja lake litatha, anabwera kwa achimwene ake ndi ana awiri komanso makina osokera, akunena kuti akhala miyezi yochepa. Miyezi ija inasanduka zaka. M'zaka zimenezo anagula kapuloti kumapeto kwa tauni n'kumamanga pang'onopang'ono: chaka china njerwa, chaka china zitseko, chaka chino matabwa a denga. Matabwawo anali atakhomedwa kale nyumba yonse. Chomwe chinatsala chinali malata basi.

Mmisiri wake, bambo wamtali wa pensulo kukhutu, anayang'ana m'mwamba akuyendetsa milomo.

"Ndalama zanuzi zifolera zipinda ziwiri zogona," anatero. "Pabalaza ndi kukhitchini pakhala poyera."

"Alipo otsikirapo," anatero a Misomali, akuloza mulu wina pakona. "Opyapyalawo. Amenewo mungatsale pang'ono kukwanitsa nyumba yonse."

Mmisiri anapita n'kugwira limodzi ndi zala ziwiri. Lata lija linalira ngati chitini chopanda kanthu.

"Awa mphepo ikangotsokomola mukawatola kwa aneba," anatero. "Ine ndingakhome, koma musamauze anthu kuti ndakhoma ndine."

Nazipi anaima pamenepo chikwama atachikumbatira pamimba. Kenako anatuluka, n'kumupatsa dalaivala kangachepe ka mafuta, ndipo galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Kunyumba anapeza fungo la nkhuku yokazinga. Patebulo panali mabotolo a zakumwa, ndipo ana ake ndi a achimwene ake ankazungulira ngati ntchentche. Achimwene akewo ankagwira ntchito ya ukalaliki pakampani ina ya inshuwalansi. Tsiku limenelo, ngakhale linali Loweruka, anali atavala malaya opisira.

"Wabwera nthawi yabwino, mlongo," anatero. "Khala pansi tidye msonkho."

"Msonkho?"

"Umene ankandidula uja. Autsitsa. Malipiro a mwezi uno afika atanenepako. Boma lachita zanzeru ulendo uno. Lachotsa dzanja m'thumba mwa ife ogwira ntchito, laliika m'thumba mwa makampani akunja. Akafuna kugulitsa katundu wawo kuno, azilipira pachipata."

Alamu ake a Nazipi analowa ndi mbale, akuyenda pang'onopang'ono dzanja lina lili m'chiuno. Anali oyembekezera, ndipo masiku anali atayandikira.

"Akunja akunenedwawo ndimakumana nawo tsiku lililonse kumsika," anatero akuika mbale patebulo. "Amanyamula dengu ngati langali. Ena amabereka ana kumbuyo."

"Inu mayi, izi ndi nkhani za chuma cha dziko."

"Mafuta amene ndakazingira nkhukuyi si chuma cha dziko? Kafunseni mtengo wake. Sopo nayenso. Babu la kubafa linapsa lija ndangolisiya, mwaona kuti mukusamba mumdima?"

Achimwene anaseka n'kugawira ana nyama. Kenako anakumbukira.

"Malata aja mwakatula?"

"Sitinagule," anayankha Nazipi.

Anafotokoza zonse monga momwe zinachitikira, osawonjezera. Ana anapitiriza kudya, koma akuluakulu anasiya kutafuna.

"Ameneyo ndi wakuba," anatero achimwene. "Amalonda akungopezerapo mwayi. Upite sitolo ina."

"Ndayenda masitolo atatu ndi amisiri pobwerera. Mtengo ngati anachita kupangana." Nazipi anapukuta zala pakansalu. "Achimwene, msonkho umene autsitsawo ine sindinaulipirepo. Ndalama za telala sizifika kumeneko. Koma umene aukwezawu wandipeza pa ulusi, wandipeza pa zipi ndi singano, lero wandipeza padenga."

"N'zakanthawi izi. Dikira pang'ono. Mafakitale athu adzuka, ayamba kupanga okha, mitengo itsika."

"Mvula nayo idikira? Matabwa aja ali pamtunda. Akanyowa mpaka chaka chamawa ndiye kuti ndagulira chiswe."

"Ungokhala konkuno kaye. Wakuthamangitsa ndani?"

"Nanga uyu ndimuuze kuti adikire mafakitale?" anatero alamu, dzanja lili pamimba.

Mawuwo anatuluka msanga kuposa momwe mwini wake ankafunira. Aliyense patebulopo ankadziwa nkhani yake ngakhale sinkakambidwa. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri. Chipinda chomwe Nazipi ankagona ndi mwana wake wamkazi ndi chimene chinkayembekezera khanda pamodzi ndi mayi awo a alamu, omwe ankabwera kudzathandiza. Anyamata ankagona kale pabalaza, m'mawa uliwonse n'kumapinda matilesi kuseri kwa mpando.

Nazipi anatola mbale n'kupita nazo kukhitchini. Patapita kanthawi alamu anamutsatira, n'kuima pambali pa sinki ndi kansalu kopukutira.

"Mlamu, sindimatanthauza choncho."

"Mumatanthauza, ndipo simunalakwe," anatero Nazipi akutsuka poto. "Mwandisunga nthawi yaitali. Wina akanakhala atandiikira kale katundu panja."

"Kungoti usiku sindigona, ndimangowerenga mitu ya anthu ndi mabedi. Amayi abwera, miyendo yawo mukuidziwa, sangagone pansi."

"Ndikudziwa."

"Nanga amene amandisokera madiresi a mimbawa ndani? Mukachoka ndiziyamba kulipira telala ine."

"Muzilipira ndithu. Mtengo watsopano."

Anaseka onse awiri, koma mwachidule. Alamu anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali, yowuma kale.

Madzulo a tsikulo Nazipi anakhala pakhonde pomwe pankakhala makina ake, akumalizitsa mayunifolomu a ana asukulu. Phazi linkapalasa, koma mutu unali kupuloti. Akagula opyapyala, nyumba ioneka yotha, anthu odutsa aziyamikira, koma mphepo ikadzasasula usiku ana ali m'kati? Akadikira, ndalama zomwezo mwezi wamawa zikhoza kufolera chipinda chimodzi chokha. Anasoka kolala mozondotsa, n'kuyamba kuisomola.

Achimwene anatuluka n'kukhala pampando wa makasitomala. Anatola kachidutswa ka nsalu pansi n'kumakapindapinda.

"Ndaganiza," anatero. "Zimene zawonjezeka pamalipiro angazi ndizikupatsa iweyo mwezi uliwonse mpaka denga lithe."

Nazipi anaimitsa makina.

"Zikomo, achimwene. Zigula malata angati?"

Achimwene anatulutsa foni n'kudinadina. Anafufuta, n'kuyambiranso.

"Limodzi," anatero. "Ndi kachidutswa."

"Pamwezi?"

"Pamwezi."

"Ndiye pabalaza tidzamaliza mwana akubwerayu atayamba kuyenda."

Achimwene anafuna kukwiya, koma anapezeka akuseka. Anaika foni m'thumba.

"Pa wailesi zinkamveka zambiri," anatero.

"Sungani, mudzagulire khanda matewera. Amenewonso amadutsa pachipata." Nazipi anabwezera nsalu pansi pa singano. "Ngati mukufuna kundithandiza, mubwere Loweruka likubwerali. Pakufunika manja."

"Manja a chiyani?"

"Otsitsa matabwa."

Lolemba m'mawa anabwerera kwa a Misomali ndi mmisiri uja. Sanatsutsane za mtengo. Anasankha malata okhuthala okwanira zipinda ziwiri, misomali yake, ndi pepala lalikulu la pulasitiki lotchingira pakhomo lolowera kuzipindako. Mmisiri anayendera lata lililonse ndi chikhatho, n'kubweza awiri omwe anali opindika m'mbali.

"Mwachita bwino kubwera lero," anatero a Misomali polandira ndalama. "Katundu amene ali m'njira sindikudziwa kuti adzafika ndi mtengo wanji."

"Mawu amenewo mumauza aliyense," anatero mmisiri.

"Kale ndinkanama. Masiku ano ndikunena zoona."

Pofika Lachisanu zipinda ziwiri zija zinali zitafoleredwa. Ukaima kumsewu, nyumbayo inkaoneka ngati munthu amene wameta mbali imodzi. Kumanzere malata ankanyezimira, kumanja matabwa anali pamtunda. Mmisiri ananena kuti matabwa a pabalaza ndi kukhitchini atsitsidwe asungidwe m'kati, apo ayi mvula ikatha adzapeza atapindika ndi kufumbwa. Nazipi anali atalipira kale kuti akwezedwe. Tsopano ankalipiranso kuti atsitsidwe. Mmisiri anangotchula theka la mtengo, akuyang'ana kumbali.

Loweruka anasamuka. Katundu sanali wambiri: bedi, matilesi, mapoto, zikwama za zovala ndi makina osokera, omwe Nazipi anawagwirira yekha ulendo wonse. Alamu anamupatsa makatani akale ndi ndowa ziwiri, ndipo galimoto yonyamula katundu ikunyamuka anaima pageti osalowa m'nyumba.

Mmisiri anali kale pamwamba akuzula misomali pamene achimwene anatulukira pakona ya msewu, wapansi, nsapato zitachita fumbi. Anavala ovolosi yobwereka, yaifupi m'miyendo.

"Abwana afika," anatero mmisiri ali pamwamba. "Manja a bolopeniwo samalani nawo, matabwawa amaluma."

"Tsitsani, tione," anayankha achimwene.

Anagwira ntchito mpaka dzuwa litapendeka. Mmisiri ankamasula thabwa, achimwene n'kulilandira, Nazipi n'kugwira mbali inayo, n'kukalisanja m'chipinda cha ana motsamira khoma. Mulu utakwera, malo otsala anangokwana matilesi awiri ndi kanjira. Mwana wamkazi wa Nazipi anaima pabalaza pomwe tsopano panalibe kanthu pamwamba, n'kufunsa kuti alendo azikhala pati.

"Kukakhala kopanda mvula, pompano," anatero mayi ake. "Ikamagwa, pabedi."

"Nanga kuphika?"

"Ndi ambulera."

Thabwa lomaliza litalowa, achimwene anakhala pa njerwa zotsala pakati pa balaza, akuyang'ana matuza m'manja mwawo. Nazipi anawabweretsera madzi m'kapu.

"Galimoto yanu mwaisiya kuti?" anafunsa. "Ndimayesa mubwera nayo."

"Matayala akutsogolo atha. Apolisi andichenjeza kale." Anamwa madzi aja. "Dzulo ndinapita kukafunsa atsopano."

"Ndiye?"

"Ndabwera pa basi."

Nazipi analandira kapu n'kuwathirira ena. Kum'mawa mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo mmisiri ankalongedza zida zake mofulumira kuti akapeze basi isanadzaze.

"Tithandizane makinawa musanapite," anatero Nazipi. "Pakhonde sangakhale."

Achimwene anadzuka n'kupukuta manja pa ovolosi. Ananyamula makina aja awiriwiri, n'kuwalowetsa m'chipinda chogona, pakati pa bedi ndi zenera. Mpando unasowa polowa, choncho Nazipi anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyesa kupalasa. Phazi linkafika.