Tsidya Liti la Kankhono

A Benedicto anabatizidwa m'katchalitchi ka udzu kamene kanagwa kalekale. Akhristu a m'mudzi mwawo, kufupi ndi Kachebere, atagwirizana zoimika mtanda pamene panali katchalitchiko m'chaka cha Jubile cha 2000, nkhalambayo inawatsogolera pa tsala lina m'munsi mwa kaphiri, kumadzulo kwa mtsinje wa Kankhono.

Anthu anakayika. A Benedicto anakhala zaka makumi atatu ku migodi ya ku Zambia, ndipo masiku ano anali atayamba kuiwalaiwala. Komiti inanena kuti popanda umboni, mtanda ukaimikidwa kumsewu basi.

"Amalume, dzana munkafunafuna magalasi ali pamphuno," anatero Gerald, mwana wa mlongo wawo, amenenso anali wapampando wa komitiyo. "Ndiye tikukhulupirireni pa za nthawi ya atsamunda?"

Nkhalambayo inaseka nawo, koma Lamulungu lotsatira inakhala pa benchi la kumbuyo.

Gerald yemweyo ndiye anakwera njinga kupita ku Boma kukapempha a Ireen, mphunzitsi wa jogalafe wochokera ku Thyolo. Anali atamva kuti a Ireen anapeza mapu akale m'kabati ya kusukulu kwawo, ojambulidwa Boma lisanasiye dzina la Fort Manning.

Loweruka m'mawa a Ireen anayala mapuwo pamphasa pakhonde pa a Benedicto, natsindira m'makona ndi miyala. Anafotokoza kuti mizere yofiirira yopindapinda ikathithikana ndiye kuti pamenepo pali chitunda, ndipo mzere wabuluu ndi mtsinje. Kenaka anayamba kuwerenga mayina a midzi.

"Kwa Mphunda."

"Kunatha kumeneko. Ankasula makasu," anatero a Benedicto. "Ukamva nyundo yasiya, umadziwa kuti dzuwa lafika pamutu."

"Nanga timadontho totsatanati?"

"Njira ya amtengatenga, yopita ku Fort Jameson. Bambo anga ananyamulirapo mchere."

A Ireen ankalemba zonsezi m'kope. Chala chawo chitafika pa kamtanda kakang'ono koimira tchalitchi, chinaima. Kamtandako kanali kum'mawa kwa mzere wabuluu, tsidya lina la mtsinje. Gerald nayenso anali ataona kale, ndipo a Benedicto anawerenga nkhaniyo pankhope za awiriwo.

"Mwina mzungu wojambulayo anali atalawako kachasu," anatero Gerald motsitsa mawu.

"Ayi, mwana wanga. Pepala silikalamba mutu. Wasokera ndine."

A Ireen anapinda mapu mosamala. "Agogo, tiyeni tikaone ndi maso. Mwana wasukulu sindimupatsa malikisi asanapondepo pamalo."

Anatsika atatu kulowera kudambo. Gerald anaima kawiri panjira, ati wabayidwa ndi minga, mpaka amalume ake atapuma mokwana.

Pa tsala paja a Ireen anatembenuza mapu kuti ayang'anizane ndi kaphiri. Anayang'ana pepala, nayang'ana malo, nayang'ananso pepala. Pamapu mtsinje unkakhukhuza m'munsi mwenimweni mwa mizere yothithikana ija. Koma m'munsi mwa kaphiri munali dimba la mpiru ndi tomato, ndipo Kankhono ankamveka kumbuyo kwawo, patali ndithu.

Mayi wina wachikulire anaweramuka m'dimbamo ali ndi kheni yothirira m'manja. Anali a Luwiza, eni dimba.

"A tcheya, mwabwera ndi pepala kudzandilanda dimba kodi?"

"Mpiru wanu wowawawo angaulande ndani, amayi?" anayankha Gerald. "Tikufuna tchalitchi."

A Ireen anawapatsa moni, nafunsa kuti nthaka ya m'dimbamo ndi yotani.

"Pamwamba ndi yakuda bwino. Mukangozamitsa khasu, mchenga ndi timiyala tobulungira. Si munkadutsa mtsinje muno."

"Kankhono?"

"Yemweyo. Chaka chija cha chimvula, ine ndili ndi mwana woyamba kumbuyo, madzi anaboola uko nasiya kuno. Achimwene awa anali ku migodi."

"Ndiye bwanji simunanene nthawi yonseyi?" anafunsa Gerald.

"Munandifunsa? Kumisonkhano kwanuko mumangondituma madzi akumwa."

A Ireen anagwada pansi naonetsa a Benedicto ndi chala. "Mtsinje wa pamapu ndi dimbali, agogo. Kamtanda kali kum'mawa kwa dimba. Ndiye kuti tili pamwamba pake."

Anayeza mtunda wa papepala ndi kaudzu, nawerengera chamumtima, kenaka anayamba kuponda kuchokera kumpanda wa dimba. Anakaima pafupi ndi chulu chaching'ono, mapazi asanu kuchokera pamene nkhalambayo inaloza tsiku loyamba lija.

"Mapazi asanuwo ndi anu, aphunzitsi," anatero a Benedicto. "Miyendo yanu ndi yaifupi."

Onse anaseka. Nkhalambayo inavula chipewa, natseka maso, milomo ikugwedera m'pemphero. A Luwiza anathyola nzimbe m'mbali mwa dimba, naisenda, nasankha mfundo zofewa n'kuziika pa tsamba kuti zidikire nkhalambayo.

Atatsegula maso, a Benedicto anayamba kuyendayenda m'tsalamo ndi ndodo yawo. Khomo linali apa. Amayi ankakhala uku, abambo uku, ndipo ana ankakhala pamchenga kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi wachikhristu amene ankaimba bwino koma osadziwa polekezera.

"Amalume, mudzanene zonsezi mawa ikatha Misa," anatero Gerald. "Komiti imve yokha."

"Ndidzanena. Koma yamba wabwereka khasu la mayiwa, ukhome chikhomo."

Gerald anatenga khasu nadula nthambi ya mthethe. A Benedicto anagogoda pansi ndi ndodo yawo, pamalo pamene panali guwa.

"Kumba apa."