Zala za a Zeferino

Amuna anga, a Zeferino, anapalasa njinga ya kabaza zaka zambiri pamsewu wa ku Mongue, kunyamula matumba a nyemba, mbuzi ndi odwala. Odwalawo ndi amene anawatembenuza mutu. Tsiku lina mayi wina anatsirizikira pakaliyala asanafike naye kuchipatala, ndipo amuna angawo anabwera kunyumba n'kunena kuti atopa kunyamula anthu osadziwa chowachitira. Sukulu anali ataimaliza ali mnyamata. Anagulitsa njinga n'kukalembetsa pa kasukulu ka unamwino ku tauni ya Milange. Ine ndinalalata mpaka mawu anasasa, koma munthu wake akaganiza chinthu makutu amatseka.

Za m'mabuku ankakhoza. Vuto linali zala. Namwino amafufuza mtsempha ndi nsonga ya chala asanabaye singano, koma zala za a Zeferino zinali zitalimba ngati chikopa chouma chifukwa cha khasu ndi zigwiriro za njinga. Akagwira mkono wa munthu sankamva kanthu. Mayeso obaya analephera, atabwereza analepheranso. Aphunzitsi awo, a Rosália, anawauza kuti akalepheranso adikira mpaka chaka chamawa.

Chaka chamawa! Njinga palibe, munda ndikulima ndekha, mwana wathu Nelsa akadali kumsana. Ndinkachita mantha, sindibisa.

Atabwera kumudzi Loweruka ndinawapatsa mkono wanga kuti ayeserere.

"Pano?" anafunsa.

"Ayi, abambo a Nelsa, pamenepo ndi fupa."

Ndinaseka, iwo sanaseke. Tinaviika zalazo m'madzi ofunda, tinazipaka mafuta a nsatsi, koma palibe chinasintha.

Lamlungu sanapite kutchalitchi. Ndinawapeza kumtsinje, pamwala umene ife amayi timakwechapo zidendene, akukhula nsonga za zala zawo. Mwala wonse unali magazi.

"Mwapenga kodi?" ndinakuwa.

"Ndikumva tsopano, amake Nelsa. Ndi mphepo yomwe ndikuimva."

Za tsiku la mayeso anandiuza okha. A Rosália ataona zala zomanga nsanza anazimasula, n'kupukusa mutu.

"Senhor Zeferino, ndi mabala otere simugwira wodwala wanga. Golovesi ikang'ambika, magazi anu ndi ake asakanikirana."

A Zeferino anagwada, munthu wamkulu, pamaso pa ana a m'kalasi mwawo. Anachonderera kuti ayese kamodzi kokha, poti tsopano akumva. Sizinatheke.

Anabwerera kumudzi ndi chikwama chawo. Kudya sankadya, kuyankhula sankayankhula, amangokhala pakhonde manja ali pamaondo. Mvula inagwa, chimanga chinamera, udzu nawo sunachedwe. Ine msana unkandiwawa moti usiku ndinkagona chafufumimba. Mabala awo anapola, panamera khungu latsopano losalala ngati la khanda.

M'mawa wina ndinawaona akusolola khasu lawo kuseri kwa nkhokwe.

"Mukupita kuti?"

"Kumunda. Za sukulu zatha. Udzu wakwirira chimanga, inu mwatha thupi."

Ndinadziwa kuti akangolima nyengo imeneyi zala zilimbanso, ndipo njinga ija, magazi aja, zonse zipita pachabe. Ndinagwira mpini. Anakoka, ndinakoka. Anandigwira pamkono kuti andichotse, kenaka anasiya kukoka. Chala chawo chinayenda pang'onopang'ono pakhungu langa n'kuima.

"Uwu," anatero chonong'ona. "Mtsempha uwu, amake Nelsa."

Ndinawalanda khasulo, ndinaligogoda patsinde la mango mpaka linaguluka, mpini n'kuuponya pamoto. Ndinali nditakwiya, ndikulira, ndipo sindinkadziwa kuti tidzadya chiyani mpaka chaka chamawacho.

"Khalani pansi," ndinawauza. "Manja amenewo musagwire nawo ngakhale nkhuni."

Ndinabereka Nelsa, ndinatenga khasu langa, n'kuuyamba wa kumunda ndekha.