Adokotala a ku Ngokwe ndi lezala lawo

Alamu anga a Hassani, amuna a mng'ono wanga Rashida, sanapondepo khomo la sekondale, koma ku Ngokwe amatchedwa adokotala. Udokotala wake uti? Wogawa mankhwala a mkazi wawo ngati mtedza wokazinga!

Rashida ali ndi kachilombo, chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika. Chaka chatha mafangasi anamulowa m'mutu, ankachita kukuwa ndi ululu. Atachira, akuchipatala anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Anamuuza ine ndili pompo kuti akaseweretsa, matendawo adzabwerera, ndipo amatenga maso, pena moyo umene.

Nanga a Hassani anamva? Iyayi. Iwo anangotola zoti mapiritsi omwewo amathetsa mauka ndi zipere. Basi, mbiri inawanda. Azakhali awo abwera akudzikanda, awiri. Mnzawo wosodza ku nyanja ya Chiuta wabwera, atatu. Mlendo sachoka chimanjamanja, eti. Botolo likapepuka ankadula piritsi ndi lezala, Rashida theka lero, theka mawa.

"Alamu, mukumupha mwanayu," ndinawauza nditapita kukacheza.

"Inu alamu, mankhwala a boma sauma. Ndimane abale anga chifukwa cha munthu woti anachira kalekale?"

Rashida naye, kufatsa kopusa, ankangoti, "Asiyeni achemwali, angandinene kuti ndine womana."

Patatha miyezi isanu mutu unayambiranso, khosi kuuma gwa. Ndinamutengera kuchipatala ku Balaka komwe ndimakhala. Adokotala enieni anamupopa madzi a kumsana, n'kufunsa mmene ankamwera mankhwala. Ndinaulula zonse, a Hassani maso ali pa silipasi zawo.

"Theka silipha mafangasi," anatero adokotala. "Limangowaphunzitsa kupirira. Panopa azolowera, mapiritsi aja sakugwiranso. Tiyesa a m'diripi, koma mwachedwa."

A Hassani, opanda n'chimanyazi chomwe, anati mwina ndi za anthu. Za anthu! Mtima unandiwawa zedi.

"Anthu akewo ndinu," ndinawayankha, wodi yonse ikumva.

Tsiku lachinayi Rashida, yemwe anali chikomokere, anatsitsimuka. Linali dzuwa liswamtengo, pawindo pali mbee, ine nditakhala pambali pa bedi. Anafufuza dzanja langa n'kuligwira.

"Achemwali, magetsi azimanso? Tayatsani foni, ndikufuna ndione nkhope yanu."