Mapepala Amene Ndinapatsa Atate

A Fanny anatichenjeza tsiku lomwe anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzaika seva, kompyuta yaikulu yosunga zolemba zonse za odwala, pa kachipatala kathu, kuno kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi. Anati m'makinamo muli timafayilo tofotokoza mmene madisiki atatu analumikizidwira kuti azigwira ntchito ngati imodzi, ndipo munthu asatikhudze. Disiki ikadzasokonekera, adzadalira timeneto pobwezeretsa zonse. Tinagwedeza mitu, basi.

Ine ndine Talandira, kalaliki wolowetsa mayina a odwala mu kompyuta. Ndimakhala m'nyumba ya chipatala ndi mwana wanga Mwayi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Ntchito itandithera lero, nyumbayonso ndiye kuti yapita.

Mwezi watha seva inayamba kudandaula kuti yadzaza. A Solomoni, akulu a pachipatalapa, anaima kumbuyo kwanga nkumaloza pa sikirini kuti chilichonse cha deti lakale chichoke. Nditawakumbutsa mawu a a Fanny anaseka, amvekere anthu a m'tauni amangoopa zilizonse. Mtima wanga sunakhazikike. Atapita ku wodi ndinayamba ndasindikiza timafayilo tija papepala, masamba khumi ndi awiri, ndinaponya mudirowa, kenako nkufufuta.

Lachiwiri magetsi anathima kanayi, batire ya seva itafa kale. Atayaka, seva inakana kudzuka. Mayina a anthu olandira mankhwala mwezi ndi mwezi, masikelo a ana, za amayi oyembekezera, zonse zii.

A Fanny anafika Lachinayi masana. Anati zolembazo zikadalimo, koma disiki imodzi yaonongeka poyambira pake, pamene pamalembedwa nambala yake, ndiye makina sakudziwa kuti ayambire pati. Anafufuza timafayilo tawo mpaka thukuta kutuluka. Kenako anatembenuka.

"Wafufuta ndani?"

"Pasiwedi yolowera mmenemo ali nayo ndi Talandira," anatero a Solomoni, maso ali pawindo. Anawonjezera kuti kalata yonena za ine ipita ku boma mawa lomwe.

Mwayi anali kumsana, ndipo ndinamva kutentha kwake ngati ndabereka mbaula. Ndinanena mwachibwibwi kuti ndinasindikiza. Nkhope ya a Fanny inamasuka. Anati atha kutaipa okha zonsezo, bola tsamba la manambala a madisiki likhalepo lathunthu. Koma galimoto yawo ibwerera mawa masana, ndipo mapepala akapanda kupezeka, adzangoyambitsa seva yopanda kanthu nkulemba lipoti.

Ndinatsegula dirowa. Munalibe.

Apo mpamene ndinakumbukira. Lamulungu lapitalo atate anabwera kuchokera ku Msakambewa kudzaona mdzukulu wawo. Ponyamuka anapempha mapepala otha ntchito monga amachitira nthawi zonse, chifukwa amati pepala la muofesi limapichira bwino fodya, silinunkha inki ngati nyuzi. Tsiku limenelo ndinathamangira kuofesi, nkuwatapira mulu wa mudirowa osayang'ana.

Ndinawaimbira kasanu ndi kamodzi, osapezeka. Foni yawo imagona kotchajitsa ngakhale masiku atatu. Ndinayamba kuwerenga ndi zala: amasuta ndudu zisanu patsiku, tsamba limodzi amang'ambamo zisanu ndi imodzi, ndipo papita masiku anayi. Sindikudziwa kuti masamba anga anali pamwamba pa muluwo kapena pansi.

"Amasuta nthawi yanji yoyamba?" anafunsa a Fanny, osaseka.

"Akangodzuka, asanapite kumunda."

Dzuwa linali likulowa, mvula ikuwaza. A Moffat a kabaza ya njinga yamoto anakana kundipititsa kwa atate, akuti msewu wa kumapiri ukuterera ndipo Lolemba anagwetsa munthu pa kamlatho. Ndinawachonderera mpaka anavomera kuti tipite m'bandakucha, koma anati mwana ndimusiye. Ndimusiya ndi ndani, akuyamwa?

Mwayi ndipita naye basi. Ndachapa zitenje ziwiri zoberekera, ndaziyanika m'nyumba. Ndapeza jumbo yoikamo mapepala kuti asanyowe. A Moffat ndawauza kuti afike tambala woyamba asanalire. Ndikufuna atate akamadzatsegula chitseko adzandipeze nditaima pakhonde.